Kope langa: madzi oundana opanikizidwa

Lolemba

Ndayambira pa madzi oundana a mufiriji. Lita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 917, n'chifukwa chake amayandama: mamolekyu ake amakhala motayana, mipata ili mbwee. Mpaka apa mutu uli bwino. Wayamba kuzungulira nditawerenga kuti mitundu ya madzi oundana ilipo pafupifupi 20, yambiri yopangika madzi akapanikizidwa zedi. Gustav Tammann anapeza mtundu wa II ndi wa III mu 1900. Percy Bridgman wa ku Harvard anapeza wa V ndi wa VI mu 1912, wa VII mu 1937.

Lachitatu

Lero ndalimbana ndi manambala. Gigapascal imodzi ndi mphamvu ya mpweya wotizungulira kuichulukitsa pafupifupi ka 10,000. Pansi penipeni pa nyanja, ku Mariana Trench, pamangofika cha pa 0.1. Madzi a madigiri 25 akapanikizidwa ndi gigapascal imodzi amauma gwa, osawaziziritsa n'komwe, n'kukhala mtundu wa VI. Kupitirira pa 2 amasanduka wa VII. Lita ya VI imalemera magalamu cha m'ma 1,300, ya VII kuposa 1,500, choncho yonse iwiri imamira. Chondithandiza kumvetsa n'chakuti m'mitundu iwiriyi mamolekyu amalukana ngati maukonde awiri olowana, wina kudzaza mipata ya mnzake.

Lachisanu

Phunziro lovuta koposa. Kupanikiza kumafinya, kutentha kumafutukula, ndipo ziwirizi zimagwira ntchito pa nthawi imodzi. Mtundu wothinana kale umavuta kuufinya: muyeso wa kulimbako ndi magigapascal pafupifupi 9 kwa wa mufiriji, 14 kwa VI, ndi 20 kapena kuposerapo kwa VII. Ukautenthetsa umafutukukabe, koma ukapanikizika kwambiri, digiri iliyonse imaufutukula pang'ono chabe. Ndabwereza chiganizochi mokweza mpaka chalowa. Asayansi amayeza zimenezi poika kadontho ka madzi pakati pa nsonga za dayamondi ziwiri, n'kukawalitsa ndi X-ray kuti aone kutalikirana kwa maatomu.

Zina ziwiri zandidabwitsa. Wa VII ukapanikizidwa mokwanira susungunuka ngakhale pa madigiri oposa 100. Wa mufiriji ukazizira kupitirira madigiri pafupifupi -200, kuutenthetsa pang'ono kumauchepetsa m'malo moufutukula.

Lamlungu

Nanga zonsezi n'zantchito yanji? Mu 2018 ofufuza analengeza kuti apeza mtundu wa VII m'kati mwa dayamondi, ena okumbidwa ku Botswana. Komanso akatswiri amakhulupirira kuti Ganymede, mwezi waukulu wa Jupiter, uli ndi nyanja yokhala pamwamba pa madzi oundana opanikizidwa. Gawo lofunda la madzi oundanawo likafutukuka limapepuka, n'kukwera pang'onopang'ono litanyamula kutentha kochokera pansi. Popanda kudziwa mmene limafutukukira, palibe angawerengere kuya kwa nyanjayo molondola. Chombo cha Juice chinanyamuka mu 2023 kukafufuza mwezi umenewu, ndipo chikuyembekezeka kufika kwa Jupiter mu 2031.