ANANDIPEZA NDI KHANSA NDISANAMVE KUWAWA

Amai anga aakulu anafika kwathu ku Chawama ndi basi yocokera ku Katete ali oonda kwambiri, kotero kuti ana anga sanawazindikire. Anali atakhala zaka ziwiri akutaya magazi, ngakhale kuti analeka kale kupita kumwezi. Kumudzi anthu anati ndi matsenga ocokera pa mkangano wa munda, ndipo mbuzi zao zitatu zinathera kwa asing'anga. Pamene tinapita nao ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca khansa cimene ciri pafupi ndi UTH, adokotala anatiuza kuti nthendayo ndi khansa ya pakhomo pa cibaliro, ndi kuti inali itafalikira kale m'thupi. Anawapatsa mankhwala ocepetsa ululu, koma nyengo yokolola sanaione.

Usiku wina ndiri kuwasambitsa anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, iwe cipatala uli naco pafupi. Usacite monga ndacitira ine." Ndinabvomera ndi pakamwa cabe. Ndinali wa mphamvu, panalibe pondiwawa, ndipo ndinaganiza kuti kucipatala kumapita odwala. Motero miyezi isanu ndi umodzi inatha maliro atapita, ine osacitapo kanthu.

Tsiku lina ndinapita ndi mwana wanga wotsiriza ku sikelo. Tiri pa mzere, anamwino anatipempha kuti amene afuna kupimidwa alowe m'cipinda ca pambali. Mau a malemu aja anandibwerera, ndipo ndinasiyira mnzanga mwana ndi kulowa. Kapimidwe kace nkosabvuta. Amapaka viniga pakhomo pa cibaliro ndi kuyembekeza pang'ono. Ngati pali malo amene ayamba kuonongeka, amasanduka oyera. Akakhala aang'ono, amawathetsa tsiku lomwelo ndi cipangizo coziziritsa kapena cotenthetsa. Anga anali aakulu, ndipo ananditumiza kwa adokotala, amene anadulapo kacidutswa kuti akakapime.

M'masabata oyembekezera yankho ndinapita ku nchito masiku onse ndi kulemba nkhani za feteleza ndi misika ya cimanga, koma usiku tulo sitinali kubwera. Ndinali kuyang'ana ana anga atatu ali m'tulo ndi kuwerenga zaka zimene zatsala kuti wamkulu atsirize sukulu. Yankho litabwera, adokotala anati, "Amai, ndi khansa. Koma mwabwera isanapite patali. Tikacotsa cibaliro, ciyembekezo ca kucira ncacikulu."

Cimene ndinaopa koposa mpeni wa adokotala ndico kuuza amuna anga, pakuti ndinamvapo za akazi amene anasiyidwa ukwati cifukwa ca nthenda imeneyi. Ndinawauza ana atagona. Anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Amake mwana, ana amene tiri nao afuna mai wao. Cibaliro sicidzawaphikira nsima." Tsiku la opaleshoni anapempha cilolezo ku nchito nandiperekeza. Lero ndiri moyo, ndimagwira nchito zanga zonse, ndipo tsiku lobwerera kukapimidwanso sindiphonya.

Nthenda yanga ndi ya amai aakulu inali imodzi. Cosiyana cinali nthawi imene tinafikira kucipatala. Khansa imeneyi, imene iposa khansa zina zonse pakati pa akazi a m'Zambia, imayamba ndi kacirombo kochedwa HPV kamene kamafala pogonana. Anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga osadziwa, ndipo mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa ena kamakhalirira, ndipo pangapite zaka 15 kapena 20 khansa isanaonekere. M'zaka zonsezo mkazi samva kuwawa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti kwa mkazi amene ali ndi HIV ngozi ya kudwala khansayi ndi yaikulu kasanu ndi kamodzi koposa kwa mnzace amene alibe.

Cithandizo ciripo. Nchito yopima ndi viniga inayamba m'makiliniki a Boma a mu Lusaka m'caka ca 2006, ndipo inafalikira ku zigawo zonse, pamodzi ndi cigawo ca Kum'mawa. Kupimitsa nkwaulere. Cipatala ca khansa cinatsegulidwa m'caka ca 2007, ndipo m'caka ca 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 14 m'dziko lonse. Mphekesera yakuti katemerayu amaletsa kubala ndi yabodza. Mwana wanga wamkazi akadzafika msinkhu, ndidzamuperekeza ndekha.

Kwa inu amai ndi alongo a kumidzi, amene mwafika zaka 25 ndi kupyolapo, nditi funsani ku kiliniki ya kwanu kumene amapima, ndipo pitani mukali a mphamvu. Ngati mutaya magazi pa nthawi yosayenera, kapena mutakhala malo amodzi ndi amuna anu, kapena mutaleka kale kupita kumwezi, ngatinso mutuluka madzi onunkha, musalinde kuti mukolole coyamba. Manyazi a mphindi zowerengeka pamaso pa anamwino sangafanane ndi mabvuto amene ndinaona pa amai anga aakulu.

Inunso abambo, nkhaniyi ndi yanu. Ndalama ya basi kapena njinga yopitira ku kiliniki kawirikawiri iri m'manja mwanu. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mlimi aliyense adziwa kuti udzu umapaliridwa ukali waung'ono. Amai anga aakulu anandicenjeza ine ndekha usiku uja, koma ndikhulupirira kuti akadakondwa kudziwa kuti mau ao afika ndi ku nyumba zanu.