Jakisoni Analowa Pamwamba pa Phewa

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo chaka chilichonse tisanalowe m'nyengo yozizira timabayitsa katemera wa chimfine. Ulendo umenewo ndinali pachangu. M'malo movula juzi ndinangokokera kolala pansi, ine nditakhala, mtsikana wobaya uja ataimirira. Singano inalowa pamwamba penipeni pa phewa.

Usiku womwewo mkono unakana kukwera. Ndinkati ndi kaululu kamasiku awiri komwe tonse timakadziwa. Patatha mwezi ndinkalephera kumanga duku, ndipo kutembenuza gogo pabedi, ntchito yomwe imandidyetsa, kunkanditulutsa misozi. Amuna anga ankati ndi ukalamba. Ukalamba wa zaka 44?

Dokotala atandijambula ndi MRI anandifotokozera kuti pansi pa mnofu wa paphewa pali kathumba kamadzi koteteza kuti fupa ndi mitsempha zisamakhulane. Mankhwala akalowa mmenemo m'malo mwa mnofu, malowo amatupa. Vutoli amalitcha SIRVA. Katemerayo analibe chifukwa, cholakwika chinali malo obayapo.

Za chipukutamisozi ndinamva kwa mnzanga wa kuntchito. Lamulo la mu 1986 linakhazikitsa thumba la ndalama zothandizira ovulala ndi katemera, ndipo ndalamazo zimachokera ku msonkho wa masenti 75 pa katemera ngati wa chimfineyu. SIRVA inalowa pamndandanda wa mavuto ovomerezeka mu 2017. Dandaulo limapita ku US Court of Federal Claims ku Washington, ndipo woyankha mlandu ndi nduna ya zaumoyo, osati amene anakubaya. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa sindinkafuna kuchotsetsa ntchito mwana wa eni ake.

Koma malamulo ake ndi okhwima. Ululu uyenera kuyamba pasanathe maola 48, vutolo lipitirire miyezi isanu ndi umodzi, ndipo dandaulo liperekedwe zaka zitatu zisanakwane. Ine, ndi kupirira kwathu kuja, ndinatha milungu isanu ndi umodzi ndisanapite kuchipatala, ndipo nditapita sindinatchule za katemera. M'faelo munangolembedwa kuti phewa likuwawa. Loya wanga anandifunsa kuti, "Nanga mayi, tiwonetsa bwanji kuti ululu unayamba tsiku lomwelo?"

Chinandithandiza ndi uthenga wa pa WhatsApp womwe ndinatumizira mchemwali wanga ku Blantyre m'mawa mwake, wodandaula kuti jakisoni wa dzulo wandipha mkono. Tsiku ndi nthawi zinali pomwepo. Mlandu unatenga zaka ziwiri. Ndalama zinabweza zomwe ndinawononga ku mafizo ndi malipiro a miyezi yomwe ndinakhala pakhomo, ndipo loya analipidwa ndi thumba lomwelo.

Chaka chino ndabayitsanso. Ndinavala malaya a manja aafupi, ndinapempha nesi kuti akhale pampando ngati ine, kenako ndinamulozera ndi chala pomwe mnofu uli wochindikala, pansiko pang'ono pa nsonga ya phewa. Anaseka, koma anabaya pomwepo.