Kansonga kamene kachilombo sikanafikeko

Sabata yatha ndinaona lole itaima m'mbali mwa msewu wa ku Chinhoyi, chakufupi ndi Banket, itadzaza mitolo ya mbewu ya mbatata. Pa chikatoni analembapo kuti ndi mbewu ya mu labu. Ndinatsika n'kutola tsinde limodzi. Masamba anali okwinyika, m'mitsempha muli timizere tachikasu, ndipo nditatembenuza tsamba tintchentche toyera tinauluka. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mbewu ya mu labu yeniyeniyo ndine ndimapanga, ndipo ndimadziwa thukuta lake. Mlimi wogula mitolo ija akakumba timbatata tonga zala, n'kumauza anzake kuti za mu labu n'zabodza.

Ndinabadwira m'komboni ya pafamu ya fodya. Agogo anachoka ku Dedza wapansi, n'kuwoloka Zambezi ku Tete pofuna ntchito, ndipo bambo anga anakalambira m'mabalani akuwotcha fodya. Sukulu sanapite, koma ankadziwa ndi mphuno nthawi yokweza moto. Ankati tsamba silinafe likamalowa m'balani, ulisiye lipse lokha kaye. Nditakula ndinamva aphunzitsi a sayansi akufotokoza zomwezo: masiku oyamba aja tsamba likamasanduka lachikasu, ma enzyme amakhala akuphwanya sitachi kuti asanduke shuga, ndipo wothamangira moto amawapha ntchito isanathe.

Ntchito yanga n'kumeretsa zomera m'mabotolo. Za kutsuka mabotolo ndi kuphika chakudya cha zomerazo sindichedwapo, mwana aliyense wobwera kudzaphunzira kuchokera ku University of Zimbabwe, ku Chinhoyi kapena ku Bindura amazigwira m'sabata imodzi. Shuga magalamu 30 pa lita, agar woti chilimbe ngati phala lozizira, pH pa 5.8, kenako m'mphika wa nthunzi pa madigiri 121. Chomwe ndimawauza nthawi zonse ndi mbiri ya mchere umene timasungunulamo. Toshio Murashige ndi Folke Skoog anaulengeza mu 1962, ndipo chomera chimene ankayeserapo chinali fodya. Ngakhale vairasi woyamba kudziwika padziko anapezeka m'fodya, uja wochititsa mawanga pamasamba, amene Martinus Beijerinck anamufotokoza mu 1898. Mwana wa m'komboni ya fodya ndikalowa mu labu sindidziona mlendo.

Pamene pagona luso ndi pa kansonga. Vairasi amayenda m'mitsempha ya chomera, koma pamwamba penipeni pa mphukira pali kachulu kakang'ono kamene maselo ake amagawikana mofulumira ndipo mitsempha sinafikepo. Kamenekako ukakadula bwino, chomera chimene chidzamera chimatha kutuluka chopanda matenda ngakhale mayi wake anali wodwala. Asayansi Morel ndi Martin anasonyeza zimenezi ku France mu 1952 pa duwa la dahlia. Kukula kwa kachuluko sikufika theka la milimita. Umaika mphukira pansi pa maikulosikopu, n'kumasenda timasamba totchinga kamodzikamodzi ndi singano, mpaka kachulu kaja kaonekere kakunyezimira ngati kadontho ka mame, m'mbali muli timasamba tiwiri tongoyamba kumene. Ukadula chachikulu, watenga ndi matenda omwe. Ukadula chaching'ono kwambiri, chimauma osamera. Ukachedwa, nyali ya maikulosikopu imakaumitsa uli chiyang'anire. Mpeni umaviika mu sipiriti, kuuwotcha, n'kudikira uzizire, chifukwa mpeni wotentha umaphika kansongako osasiya chizindikiro, ndipo umadzazindikira patapita milungu botolo lili zii.

Amene anandiphunzitsa anali mayi wina wachikulire, makolo ake a ku Ntcheu, wopanda digiri koma madokotala ankamugwadira. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza mpeni. Ndinkangotsuka mphukira mu Jik wosungunula ndi kuzitsukuluza katatu m'madzi ophika. Tsiku limene anandikhazika pampando anaima kumbuyo kwanga n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, chigongono chikhale patebulo, dzanja lisayandame. Ndipo usalankhule, m'kamwa mwako muli chuku." Mabotolo anga oyamba 40 anachita chuku onse. Sanandikalipire. Anawandandalika pawindo n'kundiuza ndiyang'ane pamene chuku chayambira m'botolo lililonse. Chikayambira pa chomera, sunatsuke bwino. Chikayambira m'mphepete, dzanja lako linadutsa pakamwa pa botolo. Madzi amkaka ozungulira tsinde ndi mabakiteriya a m'kati mwa chomeracho, amenewo si mlandu wako. Mpaka lero ndimawerenga mabotolo momwemo. Ankabwera ndi mbatata yootcha m'kathumba, n'kumati munthu wosadya mbatata sangaisamale. Atamwalira, kumaliro kunabwera maprofesa atatu, anakhala pansi pamodzi ndi anthu a m'komboni mpaka kucha.

Aphunzitsi a ku yunivesite amabwera aliyense ndi chake chimene akufufuza. Wina akufuna majini othandiza chomera kupirira chilala, wina akutsata mavairasi awiri amene akakumana mu mbatata amaipinimbiritsa, mmodzi wonyamulidwa ndi nsabwe za zomera, winayo ndi ntchentche zoyera. Wina akulimbana ndi vairasi wa PVY, amene amavutitsa fodya ndi mbatatesi zomwe. Ndimawalemekeza, ndipo ndaphunzira zambiri pomva akukambirana. Koma onsewo amayambira pa benchi langa, chifukwa kafukufuku amafuna zomera zofanana ndendende, zoyera, zochuluka. Ndi iwonso amene amatsimikiza ntchito yanga. Chomera chikakula timasinja tsamba, n'kuliyeza ndi njira ya PCR pofufuza vairasi, kapena kuchilumikiza ku chomera china chotchedwa Ipomoea setosa chimene chimaonetsa matenda msanga. Chikapezeka ndi vairasi ndimachitaya, ngakhale ndachilera theka la chaka.

Ndiye mlimi akabwera n'kunena kuti, "Achimwene, kambewu kakang'ono chonchi mtengo umenewu? Kumsewu mtolo wonse ndi wotchipa," ndimavutika kuyankha modekha. Agar ndi mankhwala timagula kunja ndi madola a ku America. Mabotolo amafuna kuwala maola 16 tsiku lililonse, ndipo magetsi akazima jenereta imamwa dizilo usiku wonse. Ena amagula bwinobwino, koma n'kukadzala pafupi ndi munda wakale wodzaza matenda, kenako n'kubwera ndi madandaulo. Alimi a fodya ali ndi lamulo loti mapesi azulidwe pofika pa 15 May ndipo nazale isafesedwe 1 June isanakwane, n'cholinga choti nsabwe zisowe pokhala. Kuyambira pamene mafamu anagawidwa mu 2000 minda yayandikana kwambiri, ndipo mmodzi akasiya mapesi ake, nsabwe zimakwanira mudzi wonse. Mbatata ilibe lamulo lotere, choncho ndimauza aliyense kuti mbewu yoyera aisunge m'kanyumba ka neti, ndipo pakapita nyengo zingapo abwere adzatenge yatsopano.

Maso anga ayamba kutopa, madzulo kachulu kaja ndimakaona mwachimbuuzi. Pali mtsikana wina wa ku Mvurwi amene ndamukhazika pampando mwezi uno. Dzanja lake silinjenjemera. Mabotolo ake 12 ali pashelefu yachiwiri, ndipo dzulo m'mawa atatu anali atayamba kubiriwira.