Amayi, kuno ku Honduras chimanga amachiphika ndi laimu

Amayi anga okondedwa,

Ine kuno ku La Ceiba ndili bwino ndithu, kungoti kukutentha, ndipo thukuta siliuma chifukwa tauniyi ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Caribbean. Kumbuyo kwake kuli phiri lalitali la Pico Bonito, lomwe masiku ambiri limakhala litafunda mitambo. Nthawi zonse tikamayankhula pafoni mumandifunsa kuti ndikudya chiyani, kodi sindikuwonda. Ndaganiza zoti ndikuyankheni mofatsa m'kalata, popeza pafoni mayunitsi amatha nkhani isanafike pakati.

Pafupi ndi pomwe ndikukhala pali kanyumba kodyeramo, kamtundu womwe kuno amati comedor. Muli matebulo ochepa apulasitiki, wailesi pakona, ndi mayi wina wachikulire amene amaphika mothandizana ndi mwana wake wamkazi. Pepala lolembapo zakudya palibe. Umangofika n'kufunsa kuti lero mwaphikanji, iwo n'kuvundukula mapoto kuti udzionere wekha. Amadyamo ndi madalaivala a mabasi, amisiri, anamwino otuluka ku ntchito yausiku, ndipo aliyense wolowa amayamba wafunira anzake onse kudya kwabwino asanakhale pansi. Khalidwe limeneli linandigwira mtima, moti ndinaleka kudziona ngati mlendo.

M'mawa anthu amadya baleada. Ndi chikate chopyapyala cha ufa wa tirigu chootcha pachiwaya, chomwe amapakamo nyemba zofiira zosinja n'kuzikazinganso, kuthiramo kirimu wowawasa pang'ono ndi tchizi wouma wamchere, kenako n'kuchipinda pakati. Wofuna zambiri amaonjezera dzira ndi peyala. Ndi chakudya cha kuno kumpoto makamaka, ngakhale tsopano chafalikira dziko lonse, ndipo chimagwira m'mimba mpaka masana.

Nkhomaliro ndiye nkhani. Mbale yomwe amaitcha plato típico imabwera itadzaza mpaka m'mphepete: nyama ya ng'ombe yootcha pamakala, mpunga, nyemba, nthochi zakupsa zokazinga, tchizi, peyala, ndi chimol, yemwe ndi tomato, anyezi ndi tsabola wosawawa zodula tizidutswa n'kufinyiramo ndimu. Pambali amakuikira tortilla za chimanga zotentha, zokutira m'kansalu, ndipo zikatha mayiwo amangoonjezera osakufunsa. Munthu wa kuno atadya nyama ndi mpunga popanda tortilla amanena kuti sanadye, monga momwe abambo ankanenera tsiku loti mwaphika mpunga osati nsima.

Koma chimene chandipangitsa kulemba kalatayi ndi kaphikidwe ka chimangacho. Tsiku lina ndinapempha mayiwo kuti andionetse, ndipo anandilowetsa kukhitchini kwawo mosanyinyirika. Iwo sakonola, sanyika mphale, sapeta gaga ayi. Amatenga chimanga chouma chatunthu n'kuchiwiritsa m'madzi othira laimu wodyedwa, ena kumidzi amagwiritsa ntchito phulusa. Chikagona usiku wonse m'madzimo amachitsuka, khungu lakunja limachoka lokha pochifikisa m'manja, kenako amapita nacho kuchigayo chikadali chonyowa. Chotuluka si ufa koma phala lolimba lokanyika, ndipo n'limene amaumba m'manja n'kuotcha pachiwaya chomwe amati comal. Fungo lake, Amayi, limakufikira uli kumsewu.

Njira imeneyi ndi yakalekale, ya anthu a kuno Azungu asanafike, ndipo ili ndi phindu lalikulu m'thupi. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma amakhala womangika moti thupi silitha kumuyamwa bwino. Laimu kapena phulusa ndi zimene zimamumasula. Chimangachi chinachokera kuno komwe, ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo amalonda a zombo atachibweretsa ku Africa anabweretsa mbewu yokha, luso lophikira linatsala. N'chifukwa chake kumene anthu amadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira kumabuka pelagra, nthenda ija youmitsa ndi kudetsa khungu m'khosi ndi m'mikono, yotsegula m'mimba, mwinanso kusokoneza mutu. Mukukumbukira momwe inavutira m'misasa ya abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique mu 1990, pamene mtedza unasowa pa chakudya chomwe ankalandira? Anthu masauzande anadwala. Ndinaimirira m'khitchinimo mtima ukundiwawa, poganiza kuti ife phulusa timalidziwa bwino, timacheza chidulo cha thelere, koma sitinaphunzire kuliika m'chimanga. Sindikunena kuti tisiye nsima, ayi. Ndikungolakalaka alangizi athu a zaulimi ndi a zaumoyo akanabwera kudzaona zomwe amayi a kuno amachita tsiku ndi tsiku.

Lamlungu anthu ambiri amamwa msuzi wa mondongo, wa matumbo ndi chifu cha ng'ombe, wothira chinangwa, kabichi ndi chimanga chachiwisi. Ndi wabwino, koma ine mtima wanga uli pa machuca. Chimenechi ndi chakudya cha a Garifuna, anthu akuda omwe amakhala m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ngati Sambo Creek ndi Corozal, kufupi ndi tauni ino. Makolo awo anali Aafirika omwe anakwatirana ndi eni nthaka a pachilumba cha St Vincent, ndipo Angerezi atawagonjetsa anawasamutsa mokakamiza n'kuwasiya pachilumba cha Roatán mu 1797. Chiyankhulo chawo, ng'oma zawo ndi zakudya zawo akuzisungabe mpaka lero. Machuca ndi nthochi zowiritsa, zaziwisi ndi zakupsa pang'ono, zomwe amasinja mumtondo ndi munsi mpaka zigwirane, ndipo umadyera msuzi wa nsomba wophika ndi mkaka wa kokonati. Mayi wa pacomedor paja si Mgarifuna, koma ali ndi mnzake wa ku Corozal amene amabwera kudzaphika masiku ena, ndipo tsiku loterolo mipando imachepa. Nditamuuza mnzakeyo kuti kwathu nakonso mtondo sulekana ndi khomo, anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kundifunsa zambiri za Malawi: timalima chiyani, nyanja yathu ili ndi nsomba zanji, amayi amavala bwanji. Ndinamuonetsa chithunzi chanu chija mutavala chitenje cha buluu, ndipo akuti ndikupatseni moni.

Pomaliza kudya amabweretsa khofi wakuda wotsekemera, wolimidwa m'mapiri a dziko lomwe lino. Honduras ndiyo imalima khofi wambiri kuposa maiko onse a ku Central America, choncho ngakhale m'kanyumba kosaukira umamwa wokoma. Ndalama ya kuno ndi lempira, dzina la mfumu ya mtundu wa Lenca yomwe inalimbana ndi Asipanishi, ndipo mbale yonse ija wantchito wamba amaikwanitsa.

Choncho musadandaule, Amayi, ndikudya ndipo ndikukhuta. Mayi a pacomedor aja alonjeza kuti pa Khirisimasi adzandiphunzitsa kukulunga nacatamales, phala la chimanga lokhala ndi nyama ndi mpunga mkati, lophika m'masamba a nthochi. Ndikadzabwera ndidzakuphikirani, mundisungire chimanga chamakolo chija cholimba, osati cha haibulidi.

Mundilembere za mvula, ngati mwadzala kale kumunda kwa kudambo, komanso ngati bondo lija lasiya kuvuta. Moni kwa amalume, kwa achemwali ndi ana onse, ndi kwa amayi a kumpingo omwe amandikumbukira m'mapemphero.

Ndine mwana wanu wokukondani.