Khola la Bambo Lasanduka Bala

Mzuzu unabadwira m'munda, ndipo ife amene tinauona udakali waung'ono tikutha mmodzimmodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Colonial Development Corporation inatsegula esiteti ya mitengo ya tung, ija mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi. Malonda a tung anafa, koma anthu amene anabwerera ganyu sanachoke. Bambo anga anali mmodzi wa iwo. Anapempha malo kwa mfumu cha ku Lusangazi, namanga nyumba ya njerwa zootcha okha.

Pakhomo paja simukanagona ndi njala. Panali nkhokwe ziwiri, khola la ng'ombe, nthochi kudambo ndi mizere ya khofi kuseri kwa nyumba. Mu June nkhungu inkaphimba chigwa chonse, ife tili mbuu pamoto kuwotcha mbatata, mayi akusinja chinangwa cha kondowole. Mlendo wochokera ku Nkhata Bay dzuwa likamulowera ankangoodira, mayi n'kumuyalira mphasa. Dzina ankamufunsa atadya kale.

Mu 1985 Mzuzu unalengezedwa kukhala mzinda. Tinavina, osadziwa kuti mzinda umadya minda. Pa kalembera wa 2018 anthu anali atapitirira 220,000, ndipo mapuloti anakwawa mpaka ku Nkhorongo, ku Dunduzu, n'kutipeza kwathu. Bambo ndi mayi atatisiya, ana a achimwene anagulitsa malowo. Sindiwatukwana, fizi ndi feteleza zinali zitawakhalira pakhosi. Koma mtima wanga sunavomere.

Lero pali loji, akuti malo opumulirako mabanja. Nyumba ija anaikonza bwino, sindinama: malata atsopano, khonde la matailosi, kapinga pamene panali khofi. Padambo anakumba dziwe losambiramo. Khola la bambo ndiye bala, ndipo Loweruka utsi wa kanyenya umatuluka pamene ndinkakamira mkaka. Maukwati amachitikira pansi pa mkuyu umene tinkakhalapo pokamba milandu ya pabanja. Anyamata ena a m'mudzi apezapo ntchito yaulonda ndi yophika, zimenezo ndikuyamika. Chimene chimandiliza n'chakuti zidzukulu za bambo zimalipira pageti kuti zikasewere pabwalo la agogo awo, ndipo mlonda, mwana waulemu ndithu, amandifunsa kuti, "Agogo, mwabwera kudzaona ndani?"

Ndimabwera kudzaona mayi ndi bambo. Agona kuseri kwa mpanda wa njerwa, ndipo njira imene tinkapitira kukalambula manda awo inatsekedwa.

Inu amene mukugula midzi yakale kuzungulira Mzuzu, mangani, ana asangalale. Koma musanaimike mpanda, itanani akuluakulu a banjalo akuonetseni pamene pagona anthu awo ndi mitengo imene sidulidwa. Tisiyireni kanjira kopita kumanda.