Katuni amene anamasula lilime la mwana wathu

Akulu anga atagonekedwa kuchipatala ku Liwonde ndi chifuwa chachikulu, ana awo awiri anabwera kudzakhala nane ku Ulongwe. Wamkulu analimba mtima. Wamng'ono, wa zaka 5, anangoti zii. Kudya ankadya, koma kuyankhula ayi, ndipo ukangotchula amayi ake ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Achibale ena anati pali dzanja la munthu, tipite naye kwa asing'anga. Ine ndinakana, ndinkangogwada n'kumapemphera.

Yankho linadzera kwa alamu anga, aphunzitsi a ku Balaka. Anabwera ndi katuni pafoni, My Neighbor Totoro, wa mu 1988, wojambulidwa ndi Hayao Miyazaki wa ku Japan. Mumtima ndinati zachibwana. Makanema amene ana kuno amathamangira kuvidiyo sho ndi a mfuti ndi zibakera, womasulira akukuwa mpaka makutu kugontha. Uyu mulibe ndewu, mulibe chigawenga. Atsikana awiri, Satsuki ndi Mei, asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti ayandikire chipatala chimene agonekedwa mayi awo. Akutunga madzi pamjigo, akusesa m'nyumba, akudikira basi mvula ikugwa, nkhani ikuyenda mosapupuluma. Miyazaki ankajambula zimene anaziona yekha, pakuti mayi ake anadwala chifuwa chachikulu cha msana kwa zaka zambiri iye ali mwana.

Mwana uja Chingerezi sankamva, komabe maso sanachotse pafonipo. Panafika pamene Mei wamva kuti mayi ake sabwera kunyumba. Akukuwa, akulira, kenako akunyamuka yekha kupita kuchipatala atakumbatira chimanga chachiwisi, poganiza kuti mayi akadya achira. Mwanayo anandikoka chitenje.

"Amayi aang'ono, nanga ife chimanga tikawapatsa liti amayi?"

Misozi inangoti mbwee! Usiku umenewo anandiuza zonse: ankaganiza kuti amayi ake anamwalira ndipo ife tikumubisira. Kutacha tinathyola chimanga chamondokwa kumunda, tinaotcha, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde. Anawaona pawindo, iwo n'kumuitana dzina lake.

Ndikuthokoza Mulungu, akulu anga anamwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa, anachira, ndipo anabwerera pageni yawo ya tomato pamsika wa Liwonde. Mwana uja ali Sitandade 2, ndipo sabata yatha aphunzitsi ake anatiitana kusukulu chifukwa chakuti amalongolola m'kalasi.