Usanadine batani, uyambe wayang'ana

Mwana wanga wokondedwa,

Chiimbireni foni msuweni wako akulira, tulo sindikutiona. Kalatayi uiwerenge m'minibasi momwemo usanafike ku Lichinga, poti ntchito ukukayambayo ndi yomweyo inamugwetsa iye.

Paja anamupatsa mndandanda wa masukulu kuti ausefe pa kompyuta, mawu atsale, manambala oima paokha achoke. Analemba ka regex kanu kaja, kalamulo kosefera mawu, nkudina batani osayang'ananso. Anaiwala kuti kwathu kuno masiku ndiwo maina. 25 de Setembro, tsiku limene nkhondo ya ufulu inayamba mu 1964, ndi 7 de Setembro, la pangano la ku Lusaka la 1974, zonse zinatsala "de Setembro". Sukulu ziwiri zinasanduka imodzi, mabuku nkupita kolakwika. Ntchito inathera pomwepo.

Ndinamupanikiza ndi mafunso monga ndinkachitira ndi ana m'kalasi, nkulemba m'kope. Akuti \w imatola zilembo ndi manambala omwe, \d manambala okha, ndipo ukaika (?!\d+\b) kutsogolo, nambala yoima payokha imadumphidwa. Kompyuta sidziwa kuti 25 uja ndi dzina! Akutinso [a-z] sizindikira ŵ wathu kapena ã wa Chipwitikizi, ndipo ng'ombe imaiduladula pakati. Ine mtima unangoti myuu.

Kumtundako kumazizira, juzi ndakuikira pansi pa thumba la usipa. Kutchalitchi usamajombe.

Ndili mtsikana ndinapeta mpunga mwaphuma mwera ukuwomba, theka linapita ndi mankhusu. Agogo ako sanandikalipire, anandikhazika pansi nkunditolesa kambewu kamodzikamodzi mumchenga mpaka dzuwa kulowa. Msuweni wako analibe potola, chifukwa mndandanda woyamba sanasunge. Ndipo iwe ndimakudziwa, kuyambira uli wamng'ono phuma ndi lako, nsima umaidya isanapole.

Bambo ako akusoka ukonde, bwato likuchuchabe. Mlongo wako wachira.

Ndabwereranso pomwe paja. Sunga kaye mndandanda woyamba padera. Yesa pa mizere khumi, uwerenge ndi maso ako zimene zatayidwa, osati zotsala zokha. Ukakayika funsa wamkulu wako, ngakhale akuseke.

Chonde mwanawe, ndakugwira mwendo. Ndisadzamve foni ina ngati ija pakati pa usiku. Ukafika undiimbire, ndipo tsiku loyamba kusefa undiimbirenso usanadine. Wamva?

Ine mayi ako,
kuno ku Meponda